Kansanza ka m'mawa ndi penti wa galimoto yanu

 Lero tikambirane za penti wa galimoto: katsukidwe kake, kapakidwe ka phula, ndi chifukwa chake galimoto zambiri kuno kwathu zikumakalamba kunja injini idakali yamphamvu. Ndinene poyambirira pomwe kuti pasakhale kuzungulira. Penti wa galimoto zambiri zimene timaziona zitasuluka m'misewu yathu sanathe chifukwa eni ake anali aulesi. Anatha chifukwa eni ake anali aukhondo, koma ukhondo wake wa njira yolakwika.

Yendani m'mawa kwambiri ku Area 47, ku Namiwawa, ku Katoto kapena m'makomboni momwe muno, musuzumire m'mipanda. Mupeza mlonda kapena mnyamata wa pakhomo ali ndi kansanza m'manja, akupukuta galimoto ya bwana isananyamuke. Madzi palibe, kapena alipo a m'kachitini ongonyowetsera. Kansanzako ndi malaya akale, ndipo dzulo kanapukutanso matayala. Pa siteji ya minibasi ndi chimodzimodzi: kondakitala akamadikira kuti galimoto idzaze, amaizungulira ndi nsanza, kupukuta apa, kupukuta apo. Onsewa akuchita ntchito imene anauzidwa, ndipo bwana akatuluka amasangalala poona galimoto ikuwala. Koma tsiku lililonse lotere, penti akuchepa.

Kuti timvetse bwino, tiyenera kudziwa chimene chili pamwamba pa chitsulocho. Galimoto ikamapangidwa kufakitale, thupi lake lonse limamizidwa m'thanki ya mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo mankhwalawo amamatira kuchitsulo mothandizidwa ndi magetsi. Pamwamba pake amapopera penti woyamba wosalaza, kenako penti wamtundu, uja umatipangitsa kunena kuti galimoto ndi yofiira kapena yabuluu. Pomalizira amapopera wina wopanda mtundu, woonekera ngati galasi, amene amisiri athu amangoti kiliya. Kuwala konse kumene mumakuona kumachokera kwa kiliyayu, ndipo ndi iyeyo amene ali ndi mankhwala otchinga mphamvu ya dzuwa kuti mtundu wapansi usasuluke. Tsono mvetserani kuchepa kwake. Magawo onsewa mukawaphatikiza, kuchindikala kwake kumakhala ma micron 100 mpaka 150, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Pepala limodzi la mu ofesi ndi pafupifupi ma micron 100. Kiliya payekha ndi ma micron 40 kapena 50, theka la pepalalo. Chuma chonse chimene tikukambirana lero ndi chimenecho, theka la pepala.

Ndipo chikatha sichibwerera momwe chinalili. Kufakitale penti amawotchedwa mu uvuni wotentha madigiri pafupifupi 140, pa nthawi imene galimoto ilibe mipando, mawaya kapena pulasitiki iliyonse. Mmisiri wopopera galimoto, ngakhale waluso chotani, sangaiwotche chomwecho, chifukwa zonse zam'kati zingasungunuke. Amene ali ndi chipinda chopoperamo amafika madigiri 60 basi, ndipo ambiri mwa amisiri athu amapopera panja, pansi pa mtengo, n'kusiyira dzuwa kuti liumitse. Penti wawoyo nthawi zambiri amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene anafunsapo mtengo wopopera ngakhale chitseko chimodzi akudziwa momwe zinthu zilili.

Tsopano fumbi. Ife timaliona ngati ufa wofewa, koma mbali yaikulu ya fumbi la m'misewu yathu ndi timiyala tating'onoting'ono ta mchenga, ndipo mchenga ndi wolimba kuposa chitsulo cha mpeni, osanenanso za penti. Amayi akafuna kuti poto wakuda ndi mwaye ayere, amatenga mchenga ndi kansanza n'kukwecha, ndipo potoyo amayeradi chifukwa mchenga wadya pamwamba pake. Kupukuta galimoto yafumbi ndi nsanza youma n'chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti poto ndi wochindikala. Ngati mukukayika, dikirani dzuwa lili paliwombo, muime pafupi ndi boneti ya galimoto yakuda kapena yabuluu, muyang'ane pamene dzuwa likuonekera mu penti. Muona timizere tambirimbiri tozungulira kuwalako. Usiku timaonekanso bwino pansi pa magetsi a pamalo omwetsera mafuta. Kamzere kalikonse ndi njira imene kamchenga kanadutsa katapanikizidwa ndi dzanja la munthu. Timizereti tikachuluka, kuwala kumamwazika, ndipo galimoto yakuda imayamba kuoneka yotuwa ngakhale itangotsukidwa kumene.

Galimoto zambiri zimene tikuyendera, ma Vitz, ma Passo, ma Sienta, ma Note, ma Fit, ma Mira ndi ma Probox, zinagwirapo kale ntchito ku Japan. Kumeneko galimoto yatsopano imayesedwa ndi boma ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako ndi kodula, motero ambiri amangogulitsa. Zimakwera sitima ku Yokohama, Nagoya kapena Kobe, n'kukhala masabata angapo m'mphepo ya mchere ya panyanja ndi padoko la Dar es Salaam, kenako n'kuyenda pamsewu makilomita pafupifupi 900 kufika pachipata cha Songwe, zisanayambe kutsika ndi M1 kudzera ku Karonga ndi Chiweta. Zina zimachokera kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umabisala kunsi kwa galimoto. Choncho galimoto ikangofika, musanaitengere kukaonetsa abale kumudzi, itsukeni bwinobwino, makamaka kunsi, ndipo muipake phula. Ambiri timathamangira kuika zokuzira mawu ndi kudetsa magalasi, penti n'kumuiwala.

Ikafika kuno imakumana ndi dzuwa limene sinalizolowere. Tokyo ali pa madigiri 35 kumpoto kwa equator, pamene Lilongwe ali pa madigiri 14 okha kumwera, ndipo kawiri pachaka, chakumapeto kwa October ndi m'mwezi wa February, dzuwa limadutsa pamutu penipeni. Onjezerani kukwera kwa malo: Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, Mzuzu ndi Dedza ndiye kuposa apo, ndipo malo akakwera, cheza cha dzuwa chowononga penti chimakulanso. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, denga la galimoto yakuda yoimikidwa padzuwa limatha kupitirira madigiri 70. N'chifukwa chake kiliya amayamba kufa padenga, paboneti ndi pabuti, pamene zitseko zidakali bwinobwino. Ndipo kiliya amene wapyapyala kale ndi kansanza ka m'mawa sachedwa kugonja.

Wina anena kuti basi ndiziimika pamthunzi. Ndi nzeru, koma yang'anani kaye kumwamba. Mtengo wa mango uli ndi utomoni umene umawotcha ngakhale khungu la mwana, ndipo umadontha nthawi imene zipatso zikukula. Maluwa a jakaranda amene amakongoletsa misewu yathu mu September ndi October akagwera paboneti n'kunyowa ndi mame, amamatirira n'kusiya zipsera. Koma mdani wamkulu wa pansi pa mtengo ndi zitosi, za akhwangwala masana, za mileme usiku. Zitosi za mbalame zili ndi asidi, komanso zimauma n'kulimba pamene penti wozizungulira akufewa ndi kutentha masana n'kukhwinyata usiku. Pakapita masiku ochepa, chithunzi cha chitosicho chimadindika mu kiliya, ndipo ngakhale mutsuke chotani chimangooneka. Apa musadikire Loweruka. Nyowetsani kansalu koyera, kayaleni pachitosipo kwa mphindi zingapo kuti chifewe, kenako muchinyamule osakhula. Kukanda ndi chikhadabo n'kolakwika, chifukwa mbalame zimameza mchenga, ndipo mchengawo umatulukira momwemo. Botolo la madzi ndi kansalu m'buti ndi zokwanira pantchito imeneyi.

Zina ndingozitchula mwachangu. Mukayenda usiku mvula yoyamba itagwa, kapena mukadutsa m'gulu la nkhungu mumsewu wa m'mphepete mwa nyanja, tizilombo tophwanyikira kutsogolo kwa galimoto tichoke mawa lake lomwelo. Phulusa la moto wa kutchire ndi la minda ya nzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa likakumana ndi mame limasanduka chidulo, chomwe chija timathira m'therere, ndipo chimadya phula. Fumbi la simenti pamalo omanga nyumba ndiye loposa apo. Tala wa msewu watsopano amachoka ndi parafini pang'ono pakansalu, koma mutsukepo ndi sopo nthawi yomweyo ndipo mupakenso phula, thinala musayerekeze. Masiku a kusowa kwa mafuta, pamene tinkathira petulo wa m'zigubu ndi fanulo ya botolo lodula, galimoto zambiri zinatsala ndi mzere wotuwa pansi pa chitseko cha thanki. Ndipo pali anyamata ena amene amawalitsa matayala ndi mafuta a mabuleki. Mafuta amenewo amasungunula penti. Tayala likamazungulira amathovukira pathupi la galimoto. Mukaona botolo lake pamalo otsukira, kanani.

Tifike pa kutsuka kwenikweni, ndipo tiyambe ndi sopo, chifukwa apa ndi pamene timakangana. Sopo waufa wochapira zovala anapangidwa kuti achotse mafuta ndi thukuta pansalu, ndipo ndi wamphamvu kwambiri. Amene amachapa zovala zambiri amadziwa momwe amaumitsira manja. Pagalimoto amachotsa phula lonse, amaumitsa mphira za m'mazenera, ndipo timibulu take tosasungunuka timakanda. Sopo wamadzi wotsukira mbale ndi wofatsirako, komabe nayenso ntchito yake ndi kuchotsa mafuta, ndiye kuti phula limene munapaka mwezi watha likupita ndi thovulo. Sopo wa galimoto amasiyana ndi awiriwa pa zinthu ziwiri: sadya phula, ndipo ndi woterera, kotero kuti mchenga umatsetsereka m'malo mokhula. Anthu amati ndi wodula, koma amayang'ana mtengo wa botolo osawerenga kuti chivindikiro chimodzi kapena ziwiri zimakwanira ndowa yonse.

Kachitidwe kake ndi aka. Galimoto ikhale pamthunzi ndipo chitsulo chikhale chozizira. Ikani chikhatho paboneti, ngati mukumva kutentha, dikirani. Choyamba ndi madzi okhaokha, opanda dzanja: thirani kuyambira padenga kuti fumbi lambiri litsike lokha, ndipo matope ouma muwapatse nthawi yofewa. Kenako tengani ndowa ziwiri. Imodzi ikhale ya madzi a sopo, inayo ya madzi oyera. Viikani nsalu yanu m'sopo, tsukani denga, ndipo musanabwererenso kusopo, itsukuluzeni kaye m'ndowa ya madzi oyera, kuifinyira momwemo. Mukatero pagawo lililonse, kuchokera pamwamba kutsika pansi, osakanikiza, dzanja likuyenda mowongoka osati mozungulira. Pomaliza kasuzumireni m'ndowa ziwirizo. Ya sopo idzakhala idakali yoyera, pamene inayo idzakhala yofiira ndi katondo, ndipo mukapisa dzanja pansi pake mudzamva mchenga ukukereketa m'zala. Mchenga umenewo, mukanagwiritsa ntchito ndowa imodzi, ukanabwerera pagalimoto.

Nsalu yake ikhale yaubweya, monga zija za microfibre zimene tsopano zikupezeka m'masitolo ndi m'misika, chifukwa ubweyawo umameza mchenga n'kuubisa. Siponji yosalala ndi malaya akale zimausunga pamwamba. Nsalu ya matayala ndi m'munsi mwa zitseko ikhale yakeyake, yamtundu wina kuti musasokoneze, popeza fumbi lakuda la pamarimu lili ndi tizitsulo ta mabuleki. Nsalu ikagwa pansi, yatha ntchito mpaka itachapidwa. Ndowa ziwiri za malita 20 ndi ina yotsukuluzira zimakwanira galimoto yaing'ono, pamene paipi yosiyidwa ikuthamanga imataya malita oposa 100 pa mphindi 10. A ku Blantyre akumbukire kuti madzi awo ambiri amachita kukankhidwa ndi magetsi kukwera mtunda kuchokera ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire. Si madzi othirira konkire wa pabwalo.

Mukatha kutsukuluza, musaisiye galimoto kuti iume yokha, makamaka ngati madzi ndi a pamjigo kapena pachitsime. Madzi a pansi pa nthaka amakhala ndi mchere wa miyala, womwe uja umasiya zoyera m'kati mwa ketulo. Dontho likauma padzuwa, madzi amapita koma mcherewo umatsala, n'kupanga timawanga toyera tozungulira timene pakapita nthawi timalowerera mu kiliya. Choncho pukutani galimoto idakali yonyowa, ndi nsalu ina yoyera kapena chamois, mopepuka. Pano kupukuta kulibe vuto, chifukwa mchenga wachoka kale.

Nthawi ya dzinja muganizirenso za kunsi. Matope a makande amene amakakamira m'kati mwa mabampala ndi pamwamba pa matayala amasunga chinyezi kwa masabata, ndipo dzimbiri limayambira mmenemo n'kutulukira kunja ngati matuza mu penti. Pansi pa chitseko chilichonse pali timabowo totulutsa madzi a mvula. Tikatsekeka ndi dothi, chitseko chimawola kuyambira m'kati. Kamtengo kakang'ono kamatsegula timabowoti pa mphindi imodzi.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu simutsuka nokha, mumapita ku car wash. Sindikufuna kuti nkhani ya leroyi ikasanduke mkwapulo wokwapulira anyamata a kumeneko. Achinyamata ambiri akudyera ntchito imeneyi, ndipo amaigwira ndi zimene ali nazo. Mwini galimoto amafika, n'kuponya makiyi: “Aise, fulumira, ndili ndi msonkhano.” Mnyamata uja n'kuyankha kuti, “Musadandaule bwana, mphindi 10 zokha.” Pamapeto bwana yemweyo amanenerera mtengo. Mphindi 10, pa ndalama yotere, padzuwa la masana, mukuyembekeza ndowa ziwiri ndi nsalu zitatu? Mnyamatayo adzatenga siponji imene yatsuka lole ya mchenga m'mawa, n'kuiviika m'mgolo umene galimoto zonse za tsikulo zaviikidwamo. Ine ndimaona kuti njira yake ndi yophweka. Khalani ndi kachikwama kanu m'buti, muli sopo wa galimoto ndi nsalu zanu, sankhani mnyamata mmodzi, mumuonetse kamodzi zimene mukufuna, ndipo muzimuwonjezera kangachepe. Adzakusungirani galimoto kuposa momwe mungaisungire nokha. Mlonda wa pakhomo nayenso muuzeni mwaulemu kuti m'mawa azingopukuta magalasi ndi nsalu yonyowa, thupi alisiye ndi fumbi lake mpaka tsiku lotsuka. Fumbi la mumsewu longokhala siliwononga kanthu. Limawononga likakhulidwa. Pa chifukwa chomwechi, musamafunditse lona pagalimoto yafumbi nthawi ya mwera, chifukwa mphepo imagwedeza lonayo usiku wonse.

Za kutsukira mumtsinje ndiye ndikane poyera. Kulowetsa galimoto mu Lingadzi, mu Mudi kapena m'mphepete mwa nyanja kumatanthauza kuti oyilo, girizi ndi sopo zikupita kwa amayi amene akuchapa ndi kutunga kumunsi. Kwa galimotonso si zabwino, popeza madzi a mumtsinje amabwera ndi mchenga wake.

Tsopano phula, ndipo apa pali chisokonezo chimene chawonongetsa galimoto zambiri. M'zitini zogulitsidwa kuti galimoto iwale muli zinthu za mitundu iwiri zogwira ntchito zotsutsana. Zina zimakhula: muli timiyala tosalala kwambiri timene timasenda kiliya pang'ono kuti timizere tifafanizike. Amisiri amati kompaundi. Zina zimaphimba: zimasiya kachikopa kopyapyala pamwamba pa penti. Limeneli ndiye phula. Mukapereka galimoto kuti akaipolishe ndi makina, nthawi zambiri amagwiritsa ntchito kompaundi, ndipo galimoto imatulukadi ikunyezimira ngati yatsopano, chifukwa ma micron angapo achoka. Kuchita zimenezi kamodzi kapena kawiri pa moyo wa galimoto, m'manja mwa munthu wodziwa, kulibe vuto. Kuchita Khirisimasi iliyonse ndi ukwati uliwonse, kumbukirani theka la pepala lija. M'makona ndi m'mizere yakuthwa ya boneti ndi mmene makina amayamba kubowola. Tsono musanapereke makiyi, funsani kuti m'chitinimo muli chokhula kapena chophimba.

Pali galimoto zina zimene zilibe kiliya n'komwe, makamaka zakalekale ndi zina mwa zoyera zogwirira ntchito, monga ma minibasi ndi ma pikapu. Penti wake ndi mmodzi, mtundu ndi kuwala zili pamodzi. Zotere dzuwa likazimenya zimachita ufa pamwamba. Yoyera mukaitsamira imakusiyirani choko pamalaya, yofiira imasanduka yapinki. Mungadziwe popaka polishi pang'ono pamalo obisika: ngati nsalu yatenga mtundu wa galimoto, kiliya palibe. Ubwino wake ndi wakuti penti wotere amadzuka akakhulidwa pang'ono, koma amafuna phula pafupipafupi kuposa winayo.

Phula lenileni la galimoto, limene zitini zambiri zimalemba kuti carnauba, limachokera ku mtengo wa mgwalangwa umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, m'zigawo monga Ceará ndi Piauí. Kuderalo n'kotentha ndi kouma, ndipo mtengowo umakuta masamba ake ndi phula kuti madzi asathawe. Alimi amadula masambawo, kuwayanika, n'kuwapuntha kuti ufa wa phula ugwe. Chimene chimalipatsa ulemu ndi kupirira kutentha: limasungunuka pa madigiri oposa 80, pamene phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64. Mukakumbukira denga la madigiri 70 la ku Nsanje lija, muona chifukwa chake kandulo, polishi wa pansi m'nyumba ndi mafuta ophikira, zimene ena amayesa, sizithandiza. Zimawala madzulo amodzi, mawa lake zafewa ndipo fumbi lonse la mumsewu lamatirira. Carnauba payekha ndi wolimba moti sangapakike, choncho amamusakaniza ndi mafuta ndi zosungunulira, ndipo chitini chikalemba 100 peresenti sizitanthauza kuti mulibe china chilichonse.

Ntchito ya phula ndi kufa m'malo mwa penti. Chitosi chikagwa, chimayamba kulimbana ndi phula, ndipo inu mumapeza nthawi yochichotsa. Matope samatirira kwambiri, ndiye potsuka simufunika kukanikiza, ndipo kusakanikizako ndiye phindu lalikulu kuposa kuwala. Kapakidwe kake sikafuna mphamvu. Galimoto ikhale yotsukidwa, youma, yozizira, pamthunzi. Yendetsani chikhatho paboneti. Ngati mukumva tokhakhala, pali utomoni kapena tala, ndipo zichoke kaye. Tengani kasiponji kofewa, kagunditseni pang'ono m'chitini, pakani gawo limodzi mopyapyala kwambiri, moti muzichita kupendeka mutu kuti muone pamene mwadutsa. Pakapita mphindi zochepa pamachita mbuu. Dutsitsani chala: chikasiya mzere woyera wowala, lauma, chikapaka ngati mafuta, dikirani. Kenako pukutani ndi nsalu yofewa, kuitembenuza pafupipafupi. Amene amapaka chindikale poganiza kuti chitetezo chichuluka amangotaya ndalama ndi thukuta, popeza chotsalira pa penti sichifika ngakhale micron imodzi, zina zonse zimapita ndi nsalu. Ndipo pewani mapulasitiki akuda a m'mabampala ndi mphira, chifukwa phula likaumirapo limasiya zoyera zovuta kuchotsa.

Limakhala nthawi yaitali bwanji? Pa dzuwa lathuli, carnauba akapirira ndi miyezi 2 kapena 3. Pali phula lina lopangidwa ndi mankhwala, lolembedwa kuti sealant, limene limatha kufika miyezi 6, ndipo kwa munthu woimika galimoto panja tsiku lonse ndimaona kuti limenelo ndiye loyenera, ngakhale akatswiri ena amati kuwala kwake sikufika pa carnauba. Masiku ano kwabweranso ceramic coating, imene imakhala zaka ikaikidwa bwino. Ndi yabwino, koma musamvere amene akuti ikaikidwa galimoto singakandikenso. Mchenga umaikanda ndithu. Njira yodziwira kuti phula latha ndi yaulere: thirani madzi paboneti yotsukidwa. Akaundana timadontho tozungulira n'kumagubuduka, phula lilipo. Akayala n'kungokhala phwatalala, yakwana nthawi. Ngati simungakwanitse kupaka kanayi pachaka, sankhani nthawi ziwiri: mu August kapena September dzuwa lisanakwiye, ndi mu December mvula itakhazikika. Ndipo ngati nthawi yachepa, pakani denga, boneti ndi buti, zitseko zidikire.

Pali zimene phula silingachite. Mwala ukatema penti mpaka chitsulo kuonekera, pamafunika kadontho ka penti mwamsanga dzimbiri lisanalowe. Nambala ya mtundu wa galimoto yanu yalembedwa pakachitsulo kapena kapepala ka fakitale, m'kati mwa boneti kapena pamphuthu ya chitseko, ndipo osakaniza penti amaifuna nambala imeneyo. Kiliya akayamba kuchita mawanga oyera padenga n'kumasupuka, palibe chitini chimene chingamubwezere, ngakhale wogulitsa alumbire chotani. Pamenepo pafunika kupopera. Mukafika poti mupoperetse, funsani mmisiri ngati adzachotse kiliya wakufayo mpaka pamene pali polimba, ngati adzaike kiliya watsopano ndi chomulimbitsa chake, komanso kuti adzapoperera pati, chifukwa fumbi logwera pa penti wamuwisi limakhala momwemo mpaka kale. Galimoto ikatuluka kwa mmisiri, itsukeni ndi madzi ndi sopo wa galimoto basi, ndipo phula lidikire mwezi umodzi mpaka 3, malinga ndi penti amene wagwiritsidwa ntchito, kuti mankhwala osungunulira amene adakali m'kati atuluke kaye. Mmisiri wanu akuuzani nthawi yake mukamufunsa.